Golide amene agogo sanamuone

Agogo anga aamuna, bambo awo a mayi, anagwira ntchito pansi pa nthaka ku Joni kwa zaka 9. Kontirakiti ikatha ankabwera kudzapuma miyezi ingapo, kenako n'kubwereranso. Anali okumba golide. Tsiku lina ndili Fomu 2, titakhala m'chigafa kwathu ku Santhe tikusoka fodya, ndinawafunsa funso limene ndinkaliona ngati losavuta: "Agogo, kodi golide amaoneka bwanji akamatuluka pansipo?"

Anaseka mpaka chifuwa chinawatsamwitsa. Atapezako mpweya anati, "Iwe, golide ine sindinamuonepo. Ndinkaona mwala basi. Mwala wotuwa, fumbi, ndi msana wa mnzanga amene ali patsogolo."

Ndinatenga yankholo ngati nthabwala za nkhalamba. Munthu ungalime fodya zaka 9 osaona tsamba? Agogo anatisiya kalekale, ndipo ndi posachedwapa pamene ndamvetsa kuti ankanena zoona zenizeni. Chifukwa chimene sanamuonere golide ndi chifukwa chomwecho chimene anawafunira ku Joni. Choncho mundilole ndiyambe ndi golide mwini wakeyo, khalidwe lake, pakuti khalidwe lakelo ndi limene linayendetsa amuna a kuno mtunda wonse uja.

Golide ndi wolemera mopanda ulemu. Tengani chigubu cha malita 20 chimene timatungira madzi pa mjigo. Chikadzaza madzi chimalemera makilogalamu 20, ndipo mtsikana amachisenza pamutu uku akucheza ndi anzake. Chigubu chomwecho mutachidzaza golide chingalemere makilogalamu 386, pafupifupi matumba 8 a feteleza. Anyamata anayi sangachinyamule, ngolo ingalire. A sayansi amati golide amalemera ka 19.3 kuyerekeza ndi madzi. Chitsulo cha khasu ndi ka 8 osakwana, mtovu umene timauopa uja ndi ka 11, mchenga wa mumtsinje ndi ka 2.6 kokha. N'chifukwa chake munthu wa beseni amatha kupeza golide mumtsinje popanda makina alionse. Amazunguza, madzi amatenga dothi ndi mchenga, golide amakana kutengeka, amatsalira pansi pa beseni.

Kenako pali kunyada kwake. Golide safuna chibale ndi zinthu zina. Siyani khasu ku dimba nyengo imodzi ya mvula, mukalipeza litafiira ndi dzimbiri, chifukwa chitsulo chimagwirana ndi mpweya ndi chinyezi. Mkuwa umabiriwira, siliva amada. Golide ayi. Pa phiri la Mapungubwe, m'mbali mwa mtsinje wa Limpopo, anthu anakwirira mfumu yawo ndi kachipembere kosema ku mtengo, kokutidwa ndi golide wopyapyala. Kanakhala m'manda zaka pafupifupi 700 mpaka kanafukulidwa m'zaka za m'ma 1930. Mtengo uja unali utaola kalekale, koma chikopa chake cha golide chinali chikadali chachikasu.

Ndipo kupyapyala kumeneko n'khalidwe lakenso. Golide ndi wofewa moti weniweni ukamuluma mano amadinda. Ukamusula sasweka, amangofutukuka. Galamu imodzi ikhoza kusulidwa mpaka kukhala chipepala cha mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi, kapena kukokedwa kukhala waya wotalika kuposa makilomita awiri. Ndiye chifukwa opanga mphete amamusakaniza ndi mkuwa kapena siliva kuti alimbe. Mukamva za makarati 24, ameneyo ndi golide yekhayekha. Makarati 18 ndiye kuti magawo atatu mwa anayi ndi golide, gawo lotsalalo ndi zitsulo zina.

Asidi wamba samutha. Chimene chimamusungunula ndi kusakaniza ma asidi awiri oopsa, nitric ndi hydrochloric, ndipo ngakhale pamenepo golide samafa, amangobisala. M'chaka cha 1940, asilikali a Hitler atalowa mumzinda wa Copenhagen, katswiri wina dzina lake George de Hevesy anasungunula mamendulo awiri a mphoto ya Nobel mu asidi ameneyu kuti asalandidwe. Botololo linakhala pa shelefu nkhondo yonse, likuoneka ngati mankhwala wamba. Nkhondo itatha anam'tulutsamo golide uja, mamendulo n'kupangidwanso. Nkhani imeneyi ndimaikonda, ngakhale ilibe chochita ndi Santhe.

Makolo athu a kuno ankadziwa kwambiri chitsulo china, cha makasu ndi mikondo. Mukapita ku Kasungu National Park mukaona zotsalira za ng'anjo zawo. Chitsulo chimenecho chimafuna kuchinyengerera: chimabisala mumwala chitagwirana ndi mpweya, ndipo kuti chituluke pamafunika makala ambiri, mvukuto ndi luso. Golide, poti sagwirana ndi chilichonse, amapezeka ali yekha, ali kale chitsulo. Ntchito ndi yongomutola, kumusonkhanitsa, n'kumusungunula pa moto wa madigiri 1,064. Vuto lake ndi limodzi: ndi wochepa, ndipo ndi womwazikana.

Komabe musaganize kuti golide tinamumva ndi azungu a ku Joni. Mawu akuti ndalama, amene timawatchula m'mawa ndi madzulo, ali ndi mbale wake m'Chishona, ndarama, ndipo kumeneko amatanthauza golide. Akatswiri ambiri a zilankhulo amati onsewa anachokera ku dirham, ndalama ya Aluya amene ankagula golide wa ku Great Zimbabwe kudzera ku madoko a Sofala ndi Kilwa. Apwitikizi anakhazikika ku Sena ndi ku Tete m'zaka za m'ma 1530 akutsata golide yemweyo. Pofika zaka za m'ma 1700 anali atatsegula misasa yokumbira golide kumpoto kwa Zambezi, m'dziko la Amaravi, ndipo amene ankaima m'madzi n'kumazunguza mbale anali makamaka amayi ogwidwa ukapolo. Mphekesera za golide wa m'dera limeneli zinakhala moyo nthawi yaitali. Zinathandiza kukokera azungu ku dziko la Mpezeni, kumene Angoni anagonjetsedwa mu 1898 ndipo mwana wa mfumu, Nsingo, anaphedwa. Golide wochuluka amene ankamulota uja sanapezeke. Kuno kwathu nkhondo inali itadutsa kale: kumapeto kwa 1895 asilikali a Britain anathira nkhondo Mwase Kasungu. Pambuyo pa mfuti panabwera msonkho wa nyumba, ndipo msonkho sufuna mbuzi kapena dengu la mawere. Umafuna ndalama.

Ndalamazo zinali kummwera. M'chaka cha 1886, pa famu ya Langlaagte, munthu wina dzina lake George Harrison anapeza mwala wa golide, ndipo pamalopo panamera mzinda wa Johannesburg. Apa mpamene pali yankho la agogo, ndiye tiyeni tiyende pang'onopang'ono.

Golide wa ku Witwatersrand sali m'mibulu yoti munthu n'kutola. Zaka pafupifupi mabiliyoni atatu zapitazo kumeneko kunali mitsinje yothira m'nyanja, ndipo mitsinjeyo inkachita zomwe amachita munthu wa beseni: inkatenga zopepuka n'kusiya timafumbi ta golide pakati pa nsangalabwi. Nsangalabwizo zinakwiririka, zinaumbika n'kukhala mwala wolimba, kenako nthaka inapendeka. Zotsatira zake ndi mzere wa mwala wopyapyala, malo ambiri wosafika ngakhale mita imodzi, wolowa pansi chopendekera kwa makilomita. Golide ali mmenemo, wambiri kuposa malo ena alionse amene anthu anakumbapo, koma ndi timadontho tosaoneka ndi maso. M'migodi yambiri, tani imodzi ya mwala inkapereka magalamu ozungulira 10. Tani imodzi ndi matumba 20 a feteleza. Magalamu 10 a golide, poti ndi wolemera chonchija, kukula kwake ndi ngati njere imodzi ya mtedza. Ndiye ganizirani: muboole, muphulitse, mufosholo, mukweze pamwamba ndi kupera matumba 20 a mwala wolimba kuti mupeze njere imodzi ya mtedza, imenenso yamwazikana ngati ufa m'matumba onsewo. Agogo akanamuona bwanji?

Poyamba eni migodi ankagwiritsa ntchito mercury, chitsulo chamadzimadzi chija chimene chimayenda ngati dontho la siliva. Mercury ndi mmodzi mwa ochepa amene golide amawalola: amam'meza n'kupanga naye phala, ndipo phalalo ukaliwotcha mercury amauluka, golide n'kutsala. Njirayi inkagwira pa mwala wa pamwamba, wofumbutuka ndi mvula ndi mpweya. Koma pofika 1889 ndi 1890 migodi inafika pa mwala wa pansi, wodzaza ndi pyrite, ndipo mercury anayamba kuphonya golide wambiri. Mitengo ya masheya inagwa, anthu ena anayamba kulongedza katundu, ena ankati Johannesburg yatha ili yakhanda.

Anaipulumutsa ndi anthu atatu a ku Glasgow, John Stewart MacArthur ndi madokotala awiri apachibale, Robert ndi William Forrest. Mu 1887 iwowa analembetsa njira yosungunulira golide ndi cyanide, poizoni wa mtundu womwe uja umene umapezeka m'chinangwa chowawa, chimene amayi amachiviika masiku angapo chisanadyedwe. Mwala ukaperedwa kukhala ufa n'kuviikidwa m'madzi a cyanide wochepa mphamvu momwe muli mpweya, golide amasungunuka n'kulowa m'madzimo, mchenga n'kutsala. Kenako amathiramo zinc, golide n'kugwa pansi ngati matope akuda. Njirayi inafika ku Joni mu 1890 ndipo inkatulutsa golide woposa magawo 9 mwa magawo 10 alionse. Kuyambira pamenepo mwala wosauka uja unakhala chuma, bola papezeke anthu okwanira oukumba.

Mawu akuti bola amenewo ndiwo anafika mpaka ku Bua ndi ku Rusa. Pajatu golide sanali katundu ngati fodya, amene mtengo wake umakwera ndi kutsika pa okushoni. Poti saola, sachita dzimbiri, ndipo sangapangidwe mu fakitale, mayiko anam'sandutsa msana wa ndalama zawo, ndipo mtengo wake unamangidwa ndi lamulo. Kuyambira 1934 unali madola 35 pa aunsi imodzi, imene ndi magalamu 31.1, ndipo unakhala pamenepo zaka zoposa 30. Mwini mgodi sakanatha kukweza mtengo. Mgodi unkanka nuzama chaka ndi chaka, makina, magetsi ndi mabomba zikukwera mtengo. Chinthu chimodzi chokha chimene akanatha kuchifinya chinali malipiro a munthu wakuda. Choncho makampani anagwirizana kuti asamapikisane polemba antchito, n'kukhazikitsa bungwe limodzi lowalembera anthu kumayiko akutali, Witwatersrand Native Labour Association. Ife tinalitcha Wenela, ndipo dzinalo likadalipo pa depoti ya mabasi ku Blantyre, ngakhale ambiri okwera pamenepo sadziwa kumene linachokera.

Oyamba kutengedwa ku Nyasaland anapita mu 1903. Anafa ambiri, makamaka ndi chibayo: munthu wochokera dziko lofunda, akutuluka ku ng'anjo ya pansi ali thukuta lokhalokha n'kukumana ndi chisanu cha Joni cha mwezi wa Juni. Imfa zinachuluka mpaka mu 1913 boma la South Africa linaletsa kulemba anthu ochokera kumpoto kwenikweni kuno, ndipo chiletsocho chinachotsedwa m'zaka za m'ma 1930. Koma anthu sanasiye kupita. Ankapita selefu, wapansi, kudzera ku Tete kapena ku Fort Jameson, n'kumagwira ganyu m'mafamu a ku Rhodesia kuti apeze ya ulendo. Mmodzi mwa iwo anali mnyamata wa kuno ku Kasungu, Kamuzu Banda, amene anayamba wagwira ntchito pa chipatala cha ku Hartley, kenako n'kukafika pa mgodi wa Witwatersrand Deep ku Boksburg, asanapite ku America mu 1925.

Mu 1935 boma la atsamunda linakhazikitsa komiti yotsogozedwa ndi Travers Lacey kuti ifufuze za kuchoka kwa amuna. Inapeza kuti amuna pafupifupi 120,000 anali kunja, mwamuna mmodzi mwa anayi alionse amphamvu zawo. Si onse anali ku golide, ambiri anali m'mafamu ndi m'migodi ya ku Rhodesia, koma mudzi sumasiyanitsa. Umangodziwa kuti denga likudontha ndipo wofolera palibe. Mawu akuti matchona anabadwa nthawi imeneyi, ndipo pafupifupi banja lililonse kuno lili ndi wake, malume amene anapita kukafuna ya msonkho ndi bulangete n'kusabwereranso. Agogo aakazi ankati chovuta sichinali njala, chinali kusadziwa ngati ndiwe mkazi wa munthu kapena wamasiye.

Za pansipo agogo ankafotokoza mwa apo ndi apo, akakhala kuti amwako pang'ono. Chikepe chotsika ngati chagwa, makutu kutsekeka. Kuyenda mtunda wautali mumdima usanafike pogwirira ntchito. Malo ogwirirapo okha, poti mzere wa mwala ndi wopyapyala ndipo kampani sifuna kukumba mwala wopanda phindu, anali ofupika moti munthu sungaime, umagwira chogwada kapena chogona chammbali. Ndipo kunali kutentha. Nthaka imanka nitentha ukamatsika, moti m'migodi yozama kwambiri, ngati wa Mponeng umene wafika makilomita pafupifupi anayi, mwala weniweniwo umafika madigiri 60. M'zaka za m'ma 1960 olembedwa kumene ankayamba aikidwa m'chipinda chotentha chodzaza nthunzi, n'kumakwera ndi kutsika pa sitepe kwa maola angapo, masiku angapo, kuti thupi lizolowere. Agogo ankati pa zonse za ku Joni, chimenecho ndiye chinawachotsa umunthu, kuposa ngakhale kulamulidwa m'Fanakalo ndi mwana woti akanatha kumubereka.

Katswiri wa zachuma Francis Wilson anawerengera malipiro a m'migodi imeneyi m'buku lake la mu 1972, ndipo anapeza kuti poyerekeza ndi mitengo ya zinthu, munthu wakuda wa mu 1969 sankalandira zoposa mnzake wa mu 1911. Zaka 58, malipiro ali pomwepo. Chaka chotsatira, 1970, South Africa inatulutsa matani 1,000 a golide, ochuluka kuposa chaka china chilichonse m'mbiri yake. Sindikunena kuti amuna athu ankabwera chimanjamanja. Ankabwera ndi njinga, wailesi, makina osokera, jasi, jombo, ndipo gawo la malipiro awo linkasungidwa kuti adzalandirire kuno. Ng'ombe zoyamba za pabanja pathu zinagulidwa ndi ndalama imeneyo, ndipo mayi anga anaphunzira nayo. Zonsezo n'zoona. Koma zikanakhala zochuluka kangati, golide akanakhala kuti amagawidwa molingana ndi thukuta?

Pofika 1973 Amalawi a m'migodi ya ku South Africa anali oposa 100,000, kuposa munthu mmodzi mwa anthu akuda anayi alionse ogwira ntchito kumeneko. Nthawiyi sankayendanso wapansi. Ankakwera ndege mpaka ku Francistown, ku Botswana, n'kupitiriza pa sitima. Pa 4 Epulo 1974 ndege ina yonyamula anthu obwerera kwawo inagwa itangonyamuka ku Francistown, n'kuyaka moto. Anthu 78 anafa, ndipo 74 mwa iwo anali Amalawi, akatundu awo ali m'manja, makontirakiti atatha. Kamuzu, amene ankaudziwa mgodi ndi maso ake, analetsa kulemba anthu, ndipo m'zaka ziwiri zotsatira amuna masauzande ambirimbiri anabwerera kumudzi.

Apa mbiri inachita chipongwe china. Mu Ogasiti 1971 America inali itamasula dola yake ku golide, ndipo mtengo unayamba kukwera mpaka unafika madola 850 pa aunsi mu Januwale 1980. Migodi inali ndi ndalama tsopano, koma Amalawi anali atachoka, ndipo mu 1975 Mozambique inalandira ufulu wake. Eni migodi anachita mantha, anakweza malipiro kangapo kuti akope anthu a m'dziko mwawo momwemo. Ndiye kuti malipiro abwino anafika nthawi imene ambiri a ife tinali titatuluka pakhomo. Kulemba anthu kunayambiranso mu 1977 pansi pa dzina latsopano, TEBA, ife timati Theba, koma chiwerengero sichinabwererenso mwakale. Kenako mu 1988 panabuka mkangano wa kuyeza HIV, ndipo malinga ndi kafukufuku wa Wiseman Chirwa, pakati pa 1988 ndi 1992 Amalawi pafupifupi 13,000 anabwezedwa. Khomo linatsekeka.

Nanga obwerera aja anapita kuti? Yang'anani pawindo mukamayenda pa msewu wochoka ku Santhe kupita ku Chinkhoma. Zaka zomwezo za m'ma 1970 ndi zimene maesiteti a fodya anafalikira m'chigwa chino, ndipo maesiteti ankafuna manja. Akatswiri ena a mbiri amati ngozi ya ndege inangopereka chifukwa chooneka, pamene chenicheni chinali njala ya antchito m'minda ya fodya ya akuluakulu a nthawiyo. Ine ndimaona kuti zonse ziwiri zikhoza kukhala zoona nthawi imodzi, mkwiyo weniweni ndi phindu lenileni. Chimene ndikudziwa n'chakuti amuna amene anagwada pansi pa Joni anadzagwadanso pa nazale, ena monga matenanti, ndipo mbewu imene ankalimayo inapatsidwa dzina lokoma lakuti golide wobiriwira. Dzinalo limandiseketsa. Fodya ukamusunga chaka chimodzi amachita nkhungu, ukamunyowetsa amaola, ndipo mtengo wake amakuuza ndi wogula. Palibe khalidwe ngakhale limodzi limene amafanana ndi golide, kupatula kuti onse awiri amafuna msana wa munthu wosauka.

Chimene anabwera nacho china sichinkaoneka. Nsangalabwi zosunga golide zija ndi za quartz, ndipo quartz akabooledwa amatulutsa fumbi losalala kwambiri, lolowa mpaka pansi pa mapapo. Thupi silingalisungunule. Limangomanga zipsera mozungulira kafumbi kalikonse, mapapo n'kumauma pang'onopang'ono, ngakhale patapita zaka 20 munthu atachoka ku mgodi. Matendawa amatchedwa silicosis, alibe mankhwala ochiza, ndipo amatsegulira khomo TB. Agogo ankatsokomola kuyambira ndili mwana. Pamudzi ena ankati ndi chingambwe, ena ankanong'ona za ufiti, ndipo palibe anaganizapo zowajambula pachifuwa.

Mu 2018 makampani asanu ndi limodzi a golide anavomera kulipira ndalama zokwana mabiliyoni 5 a rand kwa odwala silicosis ndi TB ya ku mgodi, khothi la ku Johannesburg linavomereza mu 2019, ndipo panakhazikitsidwa bungwe la Tshiamiso Trust loti lizipereka ndalamazo. Zikukhudza amene anagwira ntchito m'migodi ya makampaniwo pakati pa Malichi 1965 ndi Disembala 2019, ochokera dziko lililonse, ndiponso mabanja a amene anamwalira. Chimene chimavuta ndi umboni. Ndiye ngati kwanu kuli sutikesi yakale ya agogo, yokhala ndi makhadi, ziphaso ndi timapepala ta nambala, chonde musayatsire mbaula. Yathu inadyedwa ndi chiswe, inatsala ndi loko yekha, nayenso wadzimbiri.

Golide amene agogo anaphwanyira mwala wake sanadyedwe ndi chilichonse. Golide yense amene anthu akumba chiyambire ndi matani oposa 200,000, ndipo poti ndi wolemera kwambiri, atamuunjika pamodzi angapange bokosi la mamita 22 okha mbali zonse, losadzaza ngakhale theka la bwalo la mpira. Matani oposa 40,000 a mmenemo anachokera ku Witwatersrand. Pafupifupi yense akadalipo, amangosungunulidwa n'kuumbidwanso: mphete ya ukwati ku India, njerwa m'chipinda cha pansi cha banki ku London, dzino la munthu. Ngakhale foni imene mukuwerengerayi ili naye pang'ono, kachigawo kochepetsetsa ka galamu, chifukwa amadutsitsa magetsi bwino ndipo polumikizira pake sipachita dzimbiri. Tulutsani SIM khadi yanu muone mbali yachikasuyo. Nthawi zina ndimaiyang'ana n'kumaganiza kuti mwina kafumbi kamodzi ka pamenepo kanadutsa pa fosholo ya agogo.

Nkhaniyi sindinailembe chifukwa cha agogo okha. Golide watipeza kwathu konkuno tsopano. Anthu akukumba ndi kuzunguza mabeseni m'madera ena a boma lino la Kasungu, ku Nkhotakota, ku Makanjira, ndi ku chigwa cha Lisungwe kumene azungu anayesapo kale m'zaka za m'ma 1930. Kuyambira 2021 Reserve Bank of Malawi inayamba kugula golide kwa okumba ang'onoang'ono kudzera ku Export Development Fund, ndipo ogula ena oyenda ndi masikelo m'thumba nawonso ali ponseponse. Maenje agumukirapo kale anthu m'boma lomwe lino. Ndipo mercury uja, amene Joni inamusiya kalekale, wabwerera. Iye amawira pa madigiri 357, pamene golide amafuna 1,064 kuti angosungunuka, choncho ukaika phala lija pa supuni pamwamba pa makala, mercury amachoka n'kusiya kambulu ka golide. Amachoka kupita kuti? Nthunzi yake ilibe fungo, ilibe mtundu. Imalowa m'mapapo mwa wowotchayo ndi mwa mwana amene ali kumbuyo kwa mayi ake pafupi ndi mbaula, n'kukawononga ubongo ndi impso. Wotsalira m'madzi amalowa mu nsomba. Anthu a ku Minamata, ku Japan, anaphunzira zimenezi ndi matupi awo m'zaka za m'ma 1950, ndipo pangano la mayiko loletsa mercury, la mu 2013, linatchedwa dzina la mzinda wawowo.

Mwezi wathawu ndinapita kumudzi. Mphwanga, mwana wa achemwali anga, wazaka 22, wa MSCE yabwino ndithu koma wopanda ntchito, anandikokera kuseri kwa chigafa chomwe chija n'kutulutsa kabotolo ka mankhwala. Munali timiyala tonyezimira, tachikasu, tamakona ngati tadulidwa ndi mpeni. Anatitola ku dambo.

"Amalume, taonani. Si ameneyu?"

Ndinam'tuma hamala. Tinaika kamodzi pa mwala wa mphero, ndinamenya, kanaphwanyika n'kukhala ufa wakuda. Ndinamuuza kuti ameneyo ndi pyrite, chitsulo chosakanikirana ndi sulfure, amene wapusitsa anthu ambiri kuposa iyeyo. Golide akanaphwatalala ngati chingamu, osasweka. Pyrite ukamukhutiza pa mbale yadothi yosapaka amasiya mzere wakuda, golide amasiya wachikasu. Ndipo m'dzanja, golide wa kukula komweko akanalemera pafupifupi kanayi. Ndinamuuzanso za mercury, za supuni, za maenje opanda mitengo yochirikiza, za chifuwa cha agogo amene iye sanawapeze. Ndinalankhula nthawi yaitali, mwina mopitirira.

Anamvetsera mwaulemu, maso ali pansi. Kenako anatola timiyala totsalato n'kutibwezera m'kabotolo.

"Ndamva, amalume. Koma kumene kuli anzanga kuja ndi weniweni. Wina anabwera naye pa maliro, anandigwiritsa. Ndamuona ndi maso angawa." Anakhala chete pang'ono. "Fodya wa chaka chino mwamuona nokha. Mungandithandizeko ya thiransipoti?"

Ndinamuuza kuti ndiganize kaye. Loweruka m'mawa achemwali anandiimbira kuti wanyamuka ndi matola oyamba, watenga fosholo, beseni losambira la pulasitiki, ndi jombo zimene ankavala popopera fodya.